Mbande za aNambewe

Tadala, Mphatso ndi iwe Yamikani, nkhani za ubwana wanga munazimva kokwanira pakhonde, ndipo zina mwa izo ndinkathira mchere wambiri. Muno ndilemba za ntchito yokha. Ndakhala zaka zambiri m'minda ya kafukufuku, ndikuyeza mbewu za eni ake ndi kulemba zimene ndaona, ndipo anthu ankanditama kuti dzanja langa silinama. Linanama kamodzi bodza lalikulu. Amene anapsa ndi bodzalo si ine koma mayi wina wa ku Msakambewa, ndipo ndikufuna nkhaniyi muimve kwa ine mwini isanakupezeni kudzera kwa ena.

Ntchisi, chaka chimene ndinakwatira amayi anu

Ntchito yanga yoyamba inali m'mapiri a Ntchisi, pa kamunda koyeserapo nyemba ndi chimanga. Ndinafika ndi sutikesi ya malata, satifiketi ya ulimi ndi mtima wodziona ngati ndatha nzeru zonse. Bwana wanga anali a Chapola, bambo wamfupi wa mawu apansipansi, amene pensulo sinkachoka kukhutu kwawo ngakhale m'tchalitchi. Nyumba imene anatipatsa inkadontha pakona pomwe panali bedi, moti amayi anu anazolowera kugona ndi beseni kumiyendo. M'mawa nkhungu inkakuta phiri mpaka munthu osaona mbuzi ili patsogolo pake, koma a Chapola ankafuna kuti pofika sikisi koloko ndikhale nditayeza kale mvula m'kachitini kamene kanali pamtengo pakati pa munda.

Tsiku lina ndinagonereza. Unali mwezi wachiwiri wa ukwati, musandifunse zambiri. Nditathamangira kumunda ndinapeza mlonda atakhuthula kale madzi m'kachitini kaja poganiza kuti akundithandiza. Ndinayang'ana matope, ndinayerekeza m'mutu, n'kulemba nambala imene inkaoneka yoyenera. Masana a Chapola anatsegula kope, anayang'ana nambalayo nthawi yaitali, kenako anandiitana.

"Chisale, mvula iyi unaiona ndi maso kapena unailota?"

Ndinayesa kuzungulira, osadziwa kuti mlonda uja anali atawauza kale akudzitamandira.

"Tenga labala ufufute," anatero. "Lemba kuti sindinayeze. Palibe amene adzakumange chifukwa cholemba kuti sunayeze. Koma tamvera, mwana wanga. Pantchito ino chimene sunalembe sichinachitike, ndipo chimene walemba chachitika, ngakhale chisanachitike. Anthu amene sadzakuona n'komwe adzakhulupirira kopeli kuposa pakamwa pa munthu wamoyo. Ndiye usamale nalo dzanja lakolo."

Mawu amenewo ndinawasunga. Chaka china makope atatha, ofesi yaikulu ili duu osatumiza ena, ine ndi a Chapola tinkadula mapepala a matumba a simenti n'kuwasoka ndi ulusi wa amayi anu. Palibe tsiku limene linadutsa osalembedwa.

Mponela, zaka zimene Tadala anali ku pulayimale

Ku Mponela ananditumiza kukayang'anira minda yachitsanzo m'midzi yozungulira. Zaka zimenezo mukuzikumbuka, chifukwa ndi pomwe munaphunzira kuwoloka msewu waukulu mukuzemba mathiraki a fodya. Anandipatsa njinga yamoto, koma mafuta ankabwera mwezi uno, mwezi wamawa ayi, moti kawirikawiri njingayo inkakhala pakhonde ngati chokongoletsa ine ndikupalasa yakapalasa. Mabwana ndinakhala nawo osiyanasiyana. Wina ankabwera kumunda atavala nsapato zoyera n'kumaima pamutu wa mzere ngati akuopa kuti nthaka imuluma. Wina ankadziwa ntchito koma ankakonda kusaina malipoti anga ngati ake. Onsewa ndinkawapirira, chifukwa ndinkadziwa kuti akafuna choonadi cha munda abwera kwa ine.

Kumeneko ndi kumene anandipatsa dzina loti a Kope. Alimi ankaseka kuti ndikapeza nkhuku yafa m'njira ndiyamba ndalemba tsiku ndi nthawi ndisanafunse mwini wake. Ndinkachita ngati dzinalo likundinyansa, koma mumtima ndinkalikonda kwambiri. Ndiulule pano kuti ndinayamba kunyadira ukhondo wa makope anga kuposa zimene zinali m'kati mwake. Tsamba lopanda chofufuta linkandisangalatsa, ndipo mawu oti "zonse zayenda monga mwa ndondomeko" ndinkawalemba mosangalala ngati munthu akulemba dzina lake.

Dowa, chaka cha ukwati wa Mphatso

Nditatsala ndi zaka zosakwana zitatu kuti ndipume, anandisamutsira ku siteshoni ina ya kafukufuku m'mapiri a Dowa, kumene kunabwera ntchito imene sindinaionepo. Anali matimati, koma osati wamba. Chamoyo chilichonse chili ndi malangizo ake olembedwa m'kati mwake, amene amati DNA, ndipo ndi amene amauza chomera kuti chikhale chotani. Akatswiri akunja anatenga kachidutswa ka malangizo otere kuchokera ku kachilombo kena ka m'nthaka n'kukalowetsa m'matimati. Kachidutswako kankauza chomeracho kuti chizipanga chokha mankhwala opha mbozi zija zimaboola zipatso. Ntchito yathu inali kuona ngati zimenezo zingathekedi pa nthaka ndi dzuwa la kwathu kuno.

Malamulo ake anali okhwima. Munda unali m'mpanda wa waya, chipata chokhoma, ndipo njere ngakhale imodzi sinkaloledwa kutuluka. Potuluka tinkakutumula nsapato ndi m'matumba momwe. Zipatso zake sizinali zodya kapena kugulitsa, zonse zinali zoti tikamaliza kuyeza tiwotche m'dzenje. Mkulu wa ntchitoyi anali Dokotala Kamanga, munthu wanzeru ndi wachangu, koma wosakonda kumva mawu oti "sizinatheke". Wosamalira mbande anali aNambewe, mayi wamasiye wa ku Msakambewa. Sankadziwa kulemba, koma pa nkhani ya nazale panalibe wowaposa m'dera lonselo. Kwawo anthu ankawapatsa mbewu ya fodya kuti awafesere, ndipo anali ndi dimba lawo la matimati amene ankakagulitsa ku msika wa Mponela. Anali munthu wosaseka wamba, ndipo akakuyang'ana unkayamba kukumbukira ngati wasamba m'manja.

Ndondomeko inkanena kuti njere iliyonse ifesedwe m'chubu chakechake cha pulasitiki, kuti podzala mbande ipite m'munda ndi dothi lake, mizu yosakhudzidwa. Machubu tinaitanitsa nthawi yabwino, koma anabwera ongokwana mizere iwiri, ena akuti ali m'njira. Dokotala anali atapita kumsonkhano kunja kwa dziko, atasiya lamulo lakuti tifese sabata yomweyo, chifukwa tsiku lodzabwera alendo oona munda linali litakhazikitsidwa kale. Ndinadikira masiku anayi, galimoto osaoneka. Tsiku lachisanu ndinafesa ndekha m'machubu amene analipowo, n'kuitana aNambewe.

"Mayi, njere zotsalazi mufese pabedi, monga mumachitira fodya. Zikakula tidzazula n'kuwokera."

Anandiyang'ana ndi maso awo aja. "A Dokotala avomera zimenezo?"

"Amene ndikuvomera ndine."

"Chabwino, abwana. Ine kwanga n'kufesa. Koma mulembe m'kope mwanumo."

Anapanga mabedi osalala ngati mphasa, anaphimbira ndi udzu, ndipo mbande zitakula anachepetsa madzi kuti zikhwime, monga achitira mlimi aliyense wa fodya. Tinazula ndi kuwokera dzuwa litapendeka, m'mwezi wotentha wa Seputembala. Zinafota masiku atatu, lachinayi zinadzuka, ndipo patatha sabata ziwiri sukanatha kusiyanitsa za m'machubu ndi za pabedi. Apa ndi pamene ndinatsegula kope n'kulemba kuti njere zonse zafesedwa m'machubu monga mwa ndondomeko. Palibe amene anandikakamiza. Ndinkaopa pakamwa pa Dokotala, ndinkafuna kupuma ntchito ndi mbiri yopanda banga, ndipo ndinadziuza kuti tomato ndi tomato, kaya wamera m'chubu kaya pabedi.

Dowa, miyezi iwiri pambuyo pake

Zipatso zitayamba kukula, mbozi zinabwera monga tinkayembekezera. Mizere iwiri ya m'machubu ija inali yoyera, zipatso zosalala popanda bowo. Koma m'mizere yambiri yotsalayo mbozi zinkadya mosatekeseka ngati zili paukwati. Dokotala Kamanga atalowa m'munda anayenda mzere ndi mzere, kenako anatulutsa timapepala toyezera. Unkathyola katsamba, kukatikita m'kabotolo ka madzi n'kuviikamo kapepalako. Pakatuluka mizere iwiri ndiye kuti mankhwala opha mbozi aja alimo, pakatuluka umodzi mulibe. Za m'machubu zinatulutsa iwiri. Zambiri mwa zinazo zinatulutsa umodzi.

"Awa si matimati athu," anatero Dokotala. "Awa ndi matimati wamba. Wina wasintha njere."

Tsiku lotsatira tinakhala mu ofesi atatu, Dokotala kuseri kwa tebulo, ine pampando wa pambali, aNambewe ataimirira pakhomo chitenje chili chonyowa ndi madzi a kheni yothirira mbande. Dokotala anafunsa kuti mizere iwiri yabwinoyo anafesa ndani. Ndinati ndine. Anafunsa kuti yotsalayo anafesa ndani. Ndinati aNambewe. Anafunsanso ngati aNambewe ali ndi matimati kwawo, ndipo eni ake anayankha kuti ali nawo.

"Ndiye nkhani yake ndi yoonekeratu, mayi. Munatenga njere zathu n'kuikapo zanu."

"Abwana, ine sindinasinthe kanthu. Njere zimene anandipatsa ndi zomwezo ndinafesa. Ngati pali chosiyana, funsani a Chisale za machubu. Zanga zija sizinamere m'machubu, zinamera pabedi."

Dokotala anatembenukira kwa ine. "A Chisale, pali chimene chinachitika mosiyana ndi ndondomeko?"

Ndimakumbukira kuti pa zenera pankalira ntchentche yaikulu. Ndinati, "Zonse zili m'kope, bwana."

Anatsegula kope, anawerenga, n'kulitembenuzira kwa mayi amene sankatha kuwerenga. "Kope la a Chisale likukutsutsani, mayi. Bambo awa akhala akulemba zaka zambiri inu musanabwere pano."

ANambewe sanalire kapena kukuwa. Anandiyang'ana kamodzi, n'kutsamiritsa kheni yawo pakhoma, n'kutuluka. Sindikufuna kudzichepetsera mlandu, koma ndinene mmene mtima wanga unkayendera. Ndinkadzifunsa kuti kodi kuzula mbande kungachotse bwanji chinthu chimene chili m'kati mwa njere? Sizinkamveka. Choncho ndinadziuza kuti mwina mayiwo anasinthadi njere, ndipo nkhani ya machubu ndi ina yosakhudzana ndi iyi. Maganizo amenewo ndinawagwira zolimba chifukwa ankandipatsa tulo.

Koma nkhani sinathere pa kuchotsedwa ntchito. Ngati njere zinatuluka m'mpanda, lamulo linkafuna kuti zilondoledwe. Tinapita ku Msakambewa pa galimoto ya siteshoni, ine ndili kutsogolo ndi kope pamiyendo. Dimba la aNambewe linali m'mbali mwa kamtsinje, matimati atayamba kupsa, mitengo yake yomangiriridwa bwino ndi luzi. Timapepala tinasonyeza mzere umodzi, koma Dokotala anati sitingayeze chomera chilichonse, ndi bwino kuwononga zonse. Antchito anazula, anaunjika, anathira mafuta n'kuyatsa. Mudzi wonse unaima pamtunda kuonerera utsi, ndipo matimati ankaphulika m'moto. Ine ndinalemba tsiku ndi nthawi.

Zotsatira zake ndinkazimva kwa anthu a m'minibasi. Akuti kuyambira pamenepo palibe anawapatsa mbewu ya fodya kuti afese, poti munthu wosintha njere za ku siteshoni angalephere bwanji kusintha za mnansi wake. Akuti ku msika anthu ankadutsa matimati awo atsopano, ena amati ndi akuba, ena amati ndi amankhwala. Ine kunyumba ndinayamba kukankhira matimati pambali pa mbale. Amayi anu anaona.

"Bambo a Tadala, mwayamba liti kusankha ndiwo ngati mwana?"

Ndinati ndi chilungulira. Anangoti, "Oo," n'kupitiriza kudya.

Dowa, chaka chimene Yamikani anamaliza koleji

Chaka chotsatira Dokotala Kamanga anakwezedwa n'kupita ku likulu. M'malo mwawo munabwera Dokotala Lungu, mayi wa msinkhu wa Tadala, amene anali atangobwera kumene kuchokera kumaphunziro. Ndinkamuderera poyamba, ndisaname, chifukwa ankafunsa mafunso ambiri ngati mwana wa sukulu. Pokonza m'chipinda chosungiramo zinthu anapeza maenvulopu a masamba ouma amene ndinatenga m'munda uja tisanauwotche, mzere uliwonse envulopu yake, olembedwa bwinobwino. Chinali chizolowezi changa chabe. Anawatumiza ku labotale ya mumzinda kumene kuli makina owerenga DNA yeniyeniyo, ndipo patatha miyezi anandiitana mu ofesi.

"A Chisale, khalani pansi. Matimati onse aja anali athu. Kachidutswa kaja kali m'tsamba lililonse, ngakhale m'zimene zinadyedwa ndi mbozi."

Ndinati, "Nanga timapepala tija tinanama?"

"Timapepalato sitinaname. Kapepala kaja sikafufuza kachidutswa, kamafufuza mankhwala amene kachidutswako kamapangitsa. Kachidutswa kanalipo, koma chomera chinasiya kukawerenga."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, akujambula papepala. Anati chomera sichiwerenga malangizo ake onse nthawi imodzi. Chili ndi njira yomatira tizizindikiro ting'onoting'ono pamwamba pa malangizo ena, ndipo pamene pamatidwa sipawerengedwanso. Palibe chilembo chimene chafufutidwa kapena kusinthidwa. Anati zili ngati thumba la chimanga limene lasokedwa pakamwa: chimanga chilimo chonse, koma palibe akutapamo. Njira imeneyi chomera chimadzitetezera nayo ku tizilombo timene timalowetsa malangizo athu achilendo m'thupi mwake, ndiye chikaona kachidutswa kachilendo, makamaka kakabwerezedwa kangapo monga zinalili m'matimati athuwa, chimatha kukakayikira n'kukatseka. Ndipo nthawi zina chimene chimayambitsa kutsekako ndi mavuto amene chomera chakumana nawo chili chaching'ono, monga kutentha kapena kuvulala.

"Ndiye mayi uja anachotsedwa popanda mlandu," anatero. "Zimenezo ndilembera ku likulu. Koma chikundisowetsa mtendere ndi china. Njere zinali zimodzi, nthaka imodzi, madzi amodzi. N'chifukwa chiyani mizere iwiri inagwira ntchito, inayo n'kutseka? Ndawerenga kope lanu sabata zitatu, ndipo likuti zonse zinachitika mofanana. Palibe chimene mukukumbukira, ngakhale chooneka chopanda pake?"

Ndinati palibe. Ndinatuluka mu ofesimo. Mawu oti kuvulala chili chaching'ono ankangobwerera m'mutu mwanga, pamodzi ndi phokoso la mizu ikuthothoka pabedi. Ndinali nditatsala ndi miyezi isanu kuti ndipume, ndipo ku likulu kunali kukonzedwa kalata yondiyamikira. Ndikanatha kukhala chete, chifukwa aNambewe akanayeretsedwa ndi makina ngakhale popanda ine. Koma akanayeretsedwa pa nkhani ya njere yokha. Mawu awo aja oti zanga zinamera pabedi akanakhalabe bodza m'mafayilo, ndipo Dokotala Lungu akanataya zaka kufunafuna chinthu chimene chinali m'mutu mwanga.

Ndinafika kunyumba dzuwa likadalipo, amayi anu akusenda mtedza pakhonde. Ndinakhala pambali pawo n'kuwauza zonse, kuyambira machubu mpaka utsi wa ku Msakambewa. Sanasiye kusenda.

"Ndiye chilungulira chija ndi chimenechi?"

"Ndi chimenechi."

"Bambo a Tadala, mlandu suwola. Inu mukuopa kutaya kalata yoti tidzapachike pakhoma. Mayi ujatu anataya dimba ndi dzina. Mawa muvale jekete lanu mupite mukanene, ndipo musakanene mozungulira monga mumachitira mukaswa kapu."

M'mawa mwake ndinaika kope patebulo la Dokotala Lungu, ndinatsegula tsamba lija n'kuloza mzerewo ndi chala. Ndinati mzere uwu ndi wabodza, ndipo ndinaulemba ndine ndili bwinobwino. Anamvetsera mpaka kumapeto. Nkhope yake inachita zinthu ziwiri nthawi imodzi, kukwiya kwa munthu ndi kusangalala kwa wofufuza amene wapeza chimene ankasowa, ndipo ndinaona akulimbana nazo.

"Bambo, mukanalemba mzere umodzi wokha woona, mayi uja akanakhala pano, ndipo ife tikanadziwa chinthu chachikulu chaka chatha. Ndiyenera kulemba lipoti, ndipo dzina lanu likhalamo."

Ndinati lilembeni. Kalata yoyamikira ija sinabwere, kunabwera ya chenjezo, ndipo phwando lotsanzikana nalo linali tiyi ndi mabanzi mu ofesi. Koma ndisanachoke tinafesanso, theka m'machubu, theka pabedi n'kuwokera, ndipo ulendo uno ndinalemba chilichonse. Zambiri za m'machubu zinapanga mankhwala, zambiri zowokeredwa zinatseka, ngakhale si zonse. Dokotala Lungu sankafuna kuthamangira kunena kuti ndi kuzula kokha, ankati pangakhalenso dzuwa la mwezi umenewo. Nditapuma kale anandiimbira foni kundiuza kuti anafesa njere za zomera zotseka zija, ndipo ana ena anamera ali otseka kale, chonsecho iwo sanazulidwepo. Chimene chinachitikira kholo pabedi chinafika kwa ana. Nditamva zimenezo ndinaganiza za inu, ndipo ndi tsiku limene ndinagula kope lino.

Msakambewa, mwezi wa Okutobala, chaka chimene ndinapuma

Kalata yoyeretsa aNambewe inazungulira m'maofesi miyezi yambiri, ndipo pamene inkatuluka n'kuti patatha zaka ziwiri chiwotchereni dimba lija. Inkanena kuti alibe mlandu ndipo atha kubwerera kuntchito. Ndinapempha kuti ndikapereke ndekha. Ndinakwera minibasi, kenako kabaza, ndipo ndinawapeza kumtsinje akuthirira nazale ya fodya. Kale pamalopo pankakhala mabedi a anthu ambiri. Tsopano panali bedi limodzi, lawo.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

"Ndaswera, kaya inu a Chisale. Lero mwabwera opanda galimoto?"

Ndinatulutsa kalata, ndinaiwerenga m'Chingerezi chake n'kuimasulira, kenako ndinawauza za thumba losokedwa pakamwa, za mizu, ndi za mzere umene ndinalemba. Ndinapepesa. Anamvetsera kheni ili m'manja, madzi akudonthera pa phazi lawo.

"Ndiye njere zija zinali zomwezo."

"Zinali zomwezo, mayi."

"Nanga kalatayi mwabweretsera ine? Ine ndikudziwa kale kuti sindinabe. Amene sadziwa ndi aja anaima pamtunda apo kuonerera utsi. Iwo aja Chingerezi sawerenga, ndipo ine ndikawauza adzati ndikudziyeretsa ndekha. Munabwera ndi anthu powotcha, a Chisale. Musabwere nokha popepesa."

Anandiuza kuti ndibwere Lamulungu kutchalitchi kwawo. Ndinapita ndi amayi anu. Mapemphero atatha, pa nthawi ya zolengeza, mkulu wa mpingo anati pali mlendo ali ndi mawu. Ndinatchula dzina langa ndi ntchito imene ndinkagwira. Ndinati ambiri a inu munandiona tsiku lija ndili ndi kope m'manja. Ndinati aNambewe sanabe kapena kusintha njere ngakhale imodzi, anachita zimene ndinawatuma, ananena zoona mu ofesi, ndipo ine ndinawatsutsa ndi bodza lolembedwa chifukwa choopa bwana. Ndinayesa kufotokoza za chomera chimene chimatseka malangizo achilendo, koma ndinaona kuti anthu sakufuna zimenezo, ndiye ndinangobwereza kuti wabodza ndinali ine. Bambo wina wachikulire kumbuyo anakhosomola n'kuweramitsa mutu, ndipo amayi angapo anatembenuka kuyang'ana kumene kunakhala aNambewe. Iwo ankayang'ana kutsogolo, manja ali pa buku la nyimbo limene sankatha kuwerenga.

Panja anthu anawazungulira, ena kuwagwira dzanja, wina ndinamumva akufunsa ngati chaka chamawa angamufesereko fodya. Ine ndi amayi anu tinaima patali pansi pa mtengo wa mango. Anthu atachepa aNambewe anabwera okha. Ndinawafunsa ngati abwerere kuntchito, poti Dokotala Lungu ankawafunadi.

"Ayi, kumeneko ndinathana nako," anatero. "Mwachita bwino kubwera, ndipo sindikusungirani kanthu. Koma a Chisale, inu ndi ine tonse timadziwa mbande. Ukaizula n'kuiwokera tsiku lomwelo, imafota masiku atatu, lachinayi imadzuka. Inu munandizula n'kundisiya padzuwa zaka ziwiri. Musadabwe ndikakana kugwira."

Anapatsa moni amayi anu mwaulemu, anakonza chitenje, n'kutsetserekera kumtsinje, chifukwa nazale sidziwa Lamulungu.

Kope la chaka cha bodza lija Dokotala Lungu anandilola kutenga atajambula masamba ake onse. Lili mu sutikesi ya malata ija, pansi pa masatifiketi anga. Pa tsamba la mwezi wa Seputembala mupeza mzere wodulidwa ndi inki yofiira, ndipo pansi pake ndinalemba kuti machubu anali ochepa, mbande zambiri zinafesedwa pabedi ndi aNambewe molamulidwa ndi ine, ndipo iwo anandiuza kuti ndilembe. Mukadzagawana katundu wanga, tsamba limenelo musadzang'ambe.